ZA UMOYO WA PA MUDZI: Kodi Bala Limapola Masiku Angati, Nanga Cimalifulumiza Nciani?

NYENGO ya dzinja ikafika, khasu, nkhwangwa ndi cikwanje sizipumula, ndipo ndiyo nthawi imene anthu ambiri a m'midzi amatemeka miyendo ndi manja. Wina khasu limamphonya ndi kumtema cala ca kuphazi, wina amaponda cisonga m'munda wa mphanje, mai amadziceka ndi mpeni pokonza ndiwo, ndipo mwana amasupuka bondo pothamangitsa mbuzi. Ngozi zambiri zotere zimaoneka zazing'ono, kotero kuti wobvulalayo amangotapa dothi ndi kupaka pa bala, napitiriza nchito yace.

Koma bala losasamalidwa lingathe kugoneka munthu mwezi wathunthu, pa nthawi yomwe udzu uli kulimbana ndi cimanga m'munda. Banja limene mwini khasu wagona m'Januwale limadzaona nkhokwe yosadzala m'masika. Palinso mabala ena amene amatengera munthu kumanda ngakhale kukamwa kwace kuli kocepa ngati diso la nkhuku. Cifukwa ca ici, tsamba lino la za umoyo sabata ino lifotokoza masiku amene bala limatenga kuti lipole, zimene zimalifulumiza, zimene zimalicedwetsa, ndiponso nthawi imene munthu ayenera kusiya zonse ndi kupita ku cipatala.

NCHITO YA THUPI PA BALA

Cinthu coyamba kudziwa ndi cakuti thupi lokha ndilo limatseka bala, ndipo mankhwala ndi nsalu zimangolithandiza. Nchito imeneyi thupi limaigwira m'zigawo zinai zotsatana, monga mmene womanga nyumba amayambira kuzika nsici, kenaka kumanga mbariro, kumata dothi, ndi kutsiriza ndi kuzira.

Cigawo coyamba ndico kuletsa magazi. Khungu likangotemeka, mitsempha yaing'ono imadzifinya ndipo magazi amaundana, natseka malo otemekawo. Pa bala laling'ono zimenezi zimatha m'mphindi zowerengeka.

Cigawo caciwiri ndico kuyeretsa. Kuyambira tsiku loyamba kufikira tsiku lacinai kapena lacisanu, asilikali a m'magazi amasonkhana pa bala kudzapha tizirombo ndi kucotsa mnofu wakufa. Pa masiku amenewa bala limatupa pang'ono, limafunda, limapweteka ndi kutulutsa timadzi tosanunkha. Zimenezi siziyenera kuopsa munthu malinga ngati zili kucepa tsiku ndi tsiku.

Cigawo cacitatu ndico kumanga, ndipo cimayamba ca m'tsiku lacinai ndi kupitirira kufikira masabata 3. Mnofu watsopano wofiira umamera kucokera pansi pa bala, mitsempha yatsopano imalowamo, ndipo khungu latsopano limakwawa kucokera m'mbali kulinga pakati. Mnofu umenewu umalukidwa ndi tiulusi timene a cipatala amati kolajeni. Ndi pa nthawi iyi pamene bala limayabwa kwambiri, ndipo wolikanda amagumula nyumba imene dothi lace lisanaume.

Cigawo cacinai ndico kulimbitsa, ndipo ndico cimene anthu ambiri sacidziwa cifukwa cimacitika bala litatsekeka kale. Cimatenga miyezi yambiri, mwina caka cathunthu kapena kupitirira. Pakutha pa masabata 3, cipsera cimakhala ndi magawo 20 okha pa magawo 100 a mphamvu za khungu losatemeka. Pakutha pa miyezi 3 cimafika pafupi ndi magawo 80, ndipo sicipitirira pamenepo. Ici ndico cifukwa cace munthu amene aona kuti bala latsekeka nayamba tsiku lomwelo kusenza matumba kapena kudula mitengo amalipeza litang'ambikanso. Mai amene wabereka mwa opaleshoni ayenera kukumbukira mau amenewa pa nkhani ya kusinja, kulima ndi kusenza mtsuko wa madzi, ndipo mwamuna wace ndi apongozi ace ayenera kumlandira nchito zimenezi.

KUWERENGA MASIKU

Bala la pamwamba, monga la mpeni umene wangokhudza khungu kapena kusupuka pang'ono, limatsekeka pa masiku 3 kufikira 7. Bala lozama limene lapyola khungu, koma milomo yace ili kukumana, limatenga masabata 2 kapena 3. Bala loyasama limene silinasokedwe liyenera kudzala lokha kucokera pansi, ndipo nchito imeneyi ingatenge mwezi kapena kupitirira.

Malo a bala nawonso ali ndi mbali yace. Kumaso ndi kumutu kuli mitsempha yambiri ya magazi, motero bala la kumeneko limakha magazi ambiri moopsa koma limapola msanga. Pa msongolo ndi kuphazi magazi amayenda mobvutikira, fumbi ndi matope zili pafupi, ndipo mabala a kumeneko ndiwo amacedwa kuposa onse. Pa bondo, pa cigongono ndi pa mfundo za zala bala limacedwa cifukwa limatseguka nthawi iliyonse pamene munthu apinda ciwalo.

Masiku ocotsera ulusi pa bala losokedwa amatsata zomwezo. Kumaso ulusi umacotsedwa patapita masiku 5, kumutu, pa cifuwa ndi pa mikono patapita masiku 7 kufikira 10, ndipo kumiyendo, kumapazi ndi pa mfundo patapita masiku 10 kufikira 14. Tsiku limene namwino wanena ndilo loyenera kutsata. Ulusi wocotsedwa msanga umasiya bala lotseguka, ndipo wokhalitsa umaitana mafinya. Msinkhu nawonso umasintha masiku amenewa, pakuti bala limene mwana wa sukulu amaliiwala patapita sabata limodzi lingabvute agogo ace masabata angapo.

M'MERA MPOYAMBA

Akulu anati m'mera mpoyamba, ndipo mau amenewa ndi oona pa bala. Zimene zicitika m'maola oyamba ndizo zimalamula ngati bala lidzapola m'sabata limodzi kapena m'miyezi iwiri.

Wothandiza wobvulala ayambe wasamba m'manja ndi sopo. Kenaka atenge nsalu yoyera, aipinde, ndi kukanikiza nayo pa bala mwamphamvu kwa mphindi 10 osakweza kuti asuzumire, cifukwa kusuzumira kumaphwanya magazi amene ayamba kuundana. Ngati bala lili pa mkono kapena pa mwendo, ciwaloco cikwezedwe. Nsalu ikanyowa ndi magazi, asaicotse koma aike ina pamwamba pace. Kumanga mwendo ndi cingwe kapena mphira ndi cinthu coopsa cifukwa ciwalo cingafe. Kumanga kotere kumacitika pokhapo pamene magazi ali kutumphuka ndipo akana kuleka ndi kukanikiza, ndipo pamenepo amamanga ndi nsalu yotambalala ca kumtunda kwa bala, nasunga nthawi imene amangira kuti akauze a cipatala.

Magazi akaleka, bala litsukidwe ndi madzi ambiri. Madzi oyenera kumwa ndi oyeneranso kutsukira bala. Kumene madzi ali a pa citsime cosaphimba kapena a mumtsinje, aphitsidwe ndi kuziziritsidwa, ndipo mu lita imodzi athiremo mcere wokwana timasupuni tiwiri ta tiyi tosasefukira. Madzi athiridwe kucokera m'kapu kuti ayende pa bala ndi kukokolola mcenga, dothi ndi tizitsotso tonse. Sopo ndi wotsukira khungu lozungulira bala. Kutsuka kumawawa, makamaka kwa ana, koma kamcenga kamodzi kotsala m'kati ndiko kadzabala mafinya.

Nzeru imeneyi siya lero. Mu 1867 dotolo wa ku Britain, Joseph Lister, amene anali kugwira nchito mu mzinda wa Glasgow, anasonyeza kuti kuyeretsa mabala, manja ndi zipangizo kumacepetsa kwambiri imfa za odwala ocitidwa opaleshoni. Zipatala zonse za pa dziko lapansi zimatsata lamulo lomwelo kufikira tsopano.

Pali mabala ena osayenera kusungidwa pa nyumba ngakhale usiku umodzi. Otere ndi bala limene magazi ace akana kuleka, bala loyasama limene mafuta oyera, mnofu wa m'kati kapena fupa zili kuoneka, bala la kumaso kapena pafupi ndi diso, bala la pa cifuwa kapena pa mimba, ndi bala limene lasiya cala cacita dzanzi kapena cosatha kupindika, popeza pamenepo mtsempha woyendetsa cala ungakhale utaduka. Cinthu cacikulu cimene calowa ndi kutsalira m'thupi, monga mtengo kapena citsulo, cisazulidwe pa mudzi. Bala lofunika kusoka lifike ku cipatala maola 6 kufikira 8 asanathe, cifukwa likagonera a cipatala kawiri-kawiri salisokanso, poopa kutsekera tizirombo m'kati. Mtunda ungakhale wautali, koma ndalama zisaletse munthu kunyamuka, popeza Boma linacotsa malipiro pa zipatala zazing'ono za kumidzi mu 2006.

KUPHIMBA KAPENA KUUMITSA

Anthu ambiri amakhulupirira kuti bala liyenera kusiyidwa pa mphepo kuti liume ndi kucita nkhanambo. Ngakhale madotolo anali kuganiza comweco kufikira mu 1962, pamene katswiri wa ku England, George Winter, anayesa nkhaniyi pa nkhumba, zimene khungu lao limafanana ndi la munthu. Iye anapeza kuti mabala ophimbidwa, amene sanaloledwe kuuma, anamera khungu latsopano mofulumira pafupi-fupi kawiri kuposa mabala osiyidwa pa mphepo.

Cifukwa cace ndi cosabvuta kumva. Khungu latsopano limayenda pa malo a cinyontho. Likakumana ndi nkhanambo youma, liyenera kukumba njira pansi pace, ndipo kukumbako kumatha masiku. Motero bala lotsukidwa bwino lipakidwe mafuta oyera a Vaseline pang'ono, otapa ndi supuni yoyera osati ndi cala, ndipo liphimbidwe ndi bandeji kapena pulasitala. Kuphimba kumaletsanso nchenche ndi fumbi.

Kumene kulibe bandeji, citenje cakale ca thonje cimagwira nchito yomweyo cikacapidwa ndi sopo, kuphitsidwa m'madzi, kuyanikidwa pa cingwe pa dzuwa ndi kusitidwa ndi simbi yamoto. Nsalu isinthidwe tsiku ndi tsiku, ndiponso nthawi iliyonse pamene yanyowa kapena yada. Ikamamatira pa bala, inyowetsedwe ndi madzi a mcere kufikira itacoka yokha, cifukwa kuimatula mwamphamvu kumazula mnofu watsopano. Isamangidwe kolimba kufikira zala zitupa kapena zizizira.

Cinyontho cofunika ndi cocepa cabe. Bala lobviikidwa m'matope a kudimba kapena m'madzi ocapira silipola. Ndiponso bala la msomali, la munga ndi la mano a nyama siliyenera kumatidwa kolimba, koma kungophimbidwa mopepuka popita nalo ku cipatala. Nkhanambo imene yacita kale isatong'oledwe, idzagwa yokha.

ZOSAYENERA KUIKA PA BALA

Dothi, ndowe za ng'ombe, phulusa, mwaye, ukonde wa kangaude, fodya wosera ndi masamba otafuna ndi zinthu zimene zakhala zili kuikidwa pa mabala m'midzi kwa zaka zambiri. Zina mwa izo zimaoneka ngati zaletsa magazi, koma magaziwo akanaleka ndi kukanikiza kokha, ndipo zinthuzo zimasiya ubve m'kati mwa mnofu. Dothi ndi ndowe ndizo zoopsa koposa, cifukwa ndimo mumakhala tizirombo ta kafumbata.

Masiku ano kwabweranso zina za m'matauni, monga mafuta a mabuleki a galimoto, oilo wakuda, palafini, madzi a m'batire ndi mankhwala otsukira mano. Zimenezi zimaocha mnofu wamoyo umene unayenera kumanga bala. Ngakhale sipiriti ndi kacasu, zimene zimaphadi tizirombo, zimaphanso mnofu watsopano zikathiridwa m'kati mwa bala. Kuwawa kwa mankhwala sikutanthauza mphamvu yace yociritsa.

Enanso amatsegula makapisozi ogula pa msika ndi kuwaza ufa wace pa bala, kapena kumwa awiri okha ndi kuleka. Mankhwala amenewa anapangidwira kumwa mwa muyeso wa dotolo kufikira atatha, ndipo kuwaseweretsa kumazoloweretsa tizirombo kotero kuti tsiku la matenda akulu mankhwalawo sagwiranso nchito. Uci umene zipatala zina zimagwiritsa nchito pa zilonda ndi woyeretsedwa mwa njira yapadera, ndipo usafanizidwe ndi uci wofulidwa kumene mumng'oma. Wofuna kuletsa ululu amwe paracetamol mwa muyeso wace, osati aspirin, amene amacedwetsa magazi kuundana.

BALA LIMAPOLA NDI ZA M'MBALE

Mnofu watsopano umamangidwa ndi cakudya cimene munthu wadya. Nsima yokha imapatsa mphamvu zogwirira nchito, koma zomangira bala zimacokera m'ndiwo. Zakudya zomanga thupi ndizo nyemba, nshawa, khobwe, nzama, soya, kapenta, nsomba, mazira, mkaka ndi nyama, osaiwala mbewa, inswa ndi mphalabungu pa nyengo yace. Ndiwo za masamba zotendera nshawa ndi cakudya cabwino kwa wobvulala, ndipo sizifuna ndalama. Mwambo woletsa wodwala cilonda kudya mazira kapena nsomba umamlanda zomwe thupi lace lili kuzifuna koposa.

Tiulusi ta kolajeni sitingalukike popanda vitamini C. Zaka zakale amalinyero a ku Ulaya amene anali kukhala miyezi yambiri pa nyanja osadya zipatso anali kugwidwa ndi nthenda imene Azungu amati scurvy. Nkhama zao zinali kukha magazi, ndipo ngakhale zipsera za mabala amene anapola kale zinali kutsegukanso. Mu 1747 dotolo wa ku Scotland, James Lind, anayesa mankhwala osiyana-siyana pa amalinyero 12, ndipo amene anapatsidwa malalanje ndi mandimu ndiwo anacira msanga. Vitamini ameneyu ali mu magwafa, malambe, mango, mapapaya, matimati, malalanje ndi mandimu. Ndiwo za masamba nazo zili naye, koma amaonongeka zikaphikidwa nthawi yaitali kapena zikathiridwa cidulo.

Munthu wocepa magazi amacedwa kupola, popeza magazi ndiwo amanyamula mpweya wabwino kupita nao pa bala. Malungo obwereza-bwereza ndi njoka za m'mimba zimacepetsa magazi, motero kuciza nthenda zimenezi ndi mbali ya kuciza bala.

Fodya ndi mdani wa bala. Utsi wace umafinya mitsempha yaing'ono ndi kucepetsa mpweya m'magazi, kotero kuti bala la wosuta limacedwa ndipo limacita mafinya kawiri-kawiri. Mowa wambiri umafooketsa asilikali a m'magazi ndi kuiwalitsa munthu kudya. Kupumitsa ciwalo nako ndi mankhwala. Wotemeka phazi akhale pansi masiku awiri kapena atatu mwendo uli pa mpando, cifukwa kuona maso a nkhono nkudekha, ndipo masiku atatu otayika poyamba ndi ocepa powayerekeza ndi masabata asanu ndi limodzi otayika pambuyo.

ZIZINDIKIRO ZA BALA LOTUKUSIRA

Bala loyenda bwino limacepa ululu tsiku ndi tsiku. Ululu ukayamba kukula patapita masiku awiri kapena atatu, ndiye kuti tizirombo tayamba kupambana. Zizindikiro zina ndizo kutupa kumene kuli kufalikira, mafinya, fungo loipa, ndi kutentha kwa khungu lozungulira bala. Pa khungu lakuda kufiira sikuoneka bwino, motero wosamala wodwala ayang'ane ngati khungu lada kuposa kale, lanyezimira kapena lalimba, ndipo alikhudze ndi kumbuyo kwa dzanja ndi kuliyerekeza ndi ciwalo cinaco.

Mwanabere m'khwapa kapena m'mphecepece, mzere wowawa wokwera kucokera pa bala, kutentha thupi, kunjenjemera ndi kubwebweta zisonyeza kuti matenda ali kulowa m'thupi lonse. Wodwala wotere anyamulidwe tsiku lomwelo, ngakhale pa njinga kapena pa ngolo.

M'dzinja kabala kakang'ono ka pa msongolo kangasanduke m'masabata ocepa cilonda cacikulu cozungulira, cowawa ndi conunkha, makamaka kwa ana ndi anyamata amene sadya mokwanira ndipo amayenda m'matope. Cilonda cotere cimacira ndi mankhwala a ku cipatala cikafika msanga, koma cikakhalitsa cimadya mnofu kufikira pa fupa.

KAFUMBATA

Nthenda ya kafumbata, imene a cipatala amati tetanus, ndiyo imapangitsa bala laling'ono kukhala loopsa. Mbeu za tizirombo tace zimakhala m'dothi ndi m'ndowe kwa zaka zambiri, ndipo zimakonda bala lozama la kukamwa kocepa, kumene mpweya sufika. Anthu amaopa msomali wa dzimbiri, koma coopsa ceni-ceni ndi dothi limene msomaliwo walowa nalo. Munga, cisonga, waya wa khola ndi khasu zingathe kucita comweco.

Nthendayi imaonekera patapita masiku 3 kufikira 21, mwina bala litapola kale ndipo mwini wace ataliiwala. Imayamba ndi kuuma kwa nsagwada ndi khosi, kulephera kumeza, kenaka thupi lonse limauma ndipo msana umapindikira kumbuyo. Phokoso, kuwala kapena kukhudzidwa zimadzutsa kukokana kowawa kwa minofu, pamene wodwala ali kuzindikira zonse. Cifukwa ca maonekedwe amenewa mabanja ena amaganiza za ufiti ndi kutaya masiku akufunsira, pomwe wodwala afunika cipatala cacikulu mwamsanga. Nthendayi sipatsirana, ndipo wocira angathe kudwalanso ngati salandira katemera.

Ana m'dziko lino amalandira katemera woteteza kafumbata ku sikelo ali ndi masabata 6, 10 ndi 14, ndipo amai amalandira nyeleti yace pa nthawi ya pakati. Cifukwa ca nchito imeneyi, Zambia inatsimikizidwa mu 2007 kuti yagonjetsa kafumbata wa amai obereka ndi makanda. Koma tizirombo tikali m'dothi la munda uliwonse, ndipo mphamvu ya katemera wa pa ukhanda imacepa popita zaka. Amene ali pa ngozi koposa tsopano ndi amuna ndi okalamba, popeza iwo sapita ku sikelo pomwe ndiwo amagwira nkhwangwa ndi kulowa m'khola. Aliyense wobvulala ndi cinthu cakuda kapena cobaya, amene papita zaka 5 cilandirire nyeleti imeneyi kapena sakumbukira konse, apite ku cipatala tsiku lomwelo ndi kufotokoza zimenezi. Mcombo wa mwana wakhanda ndi mphini zotemera ndi lumo nazonso ndi mabala. Pa mcombo pasaikidwe cinthu cina koma cokhaco cimene namwino wapereka, ndipo lumo limodzi lisagwire anthu awiri, cifukwa limanyamula HIV ndi nthenda ya ciwindi.

GALU NDI NYAMA YOFA YOKHA

Wolumidwa kapena kukandidwa ndi galu, mphaka, nkhandwe kapena mleme atsuke bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, ndipo apite ku cipatala tsiku lomwelo kukafunsa za katemera wa ciwewe. Katemerayu amapulumutsa akayambidwa msanga, koma zizindikiro za ciwewe zikaoneka palibenso mankhwala.

Munthu amene ali ndi bala pa dzanja asasende nyama imene yafa yokha, ndipo nyama yotere siyenera kusendedwa kapena kudyedwa ndi munthu aliyense. Nthenda ya anthrax imalowera pa khungu lotemeka, ndipo imapanga cilonda cotupa m'mbali, cakuda pakati ngati khala, cimene kawiri-kawiri sicipweteka. Mu 2011 anthu mazana angapo m'boma la Chama anadwala nthendayi atagwira ndi kudya nyama ya mvuu zofa mumtsinje wa Luangwa, ndipo mu 2023 inabukanso ku Sinazongwe ndi kufalikira m'zigawo zambiri za dziko lino. Imacira ndi mankhwala a ku cipatala, ndipo nyama yofa yokha ikauzidwe kwa alangizi a ziweto.

BALA LOKANA KUPOLA

Bala limene silinasinthe patapita masabata 2, kapena silinatsekeke patapita masabata 4 kufikira 6, lili ndi cina cimene cili kuliletsa. Mwina m'kati mwatsalira munga kapena galasi. Mwina mwini wace ali ndi matenda a shuga osadziwa, ndipo kupima magazi a pa cala kwa mphindi zocepa kungaulule zimenezi. Wodwala shuga ayenera kuyang'ana mapazi ace madzulo alionse ndi kusayenda wopanda nsapato, cifukwa mapazi ace angacite dzanzi ndipo kabala kosamveka kangathere pa kudulidwa mwendo.

HIV yosalandira mankhwala imacedwetsa mabala, pomwe munthu amene amamwa ma ARV mokhulupirika amapola monga anzace. Nthenda ya sickle cell ndi kutupa kwa mitsempha ya m'miyendo zimabala zilonda za pa kakolo zobwereza-bwereza. Mabala osapweteka a m'manja ndi kumapazi, pamodzi ndi mawanga otuwa osamva kukhudza, angakhale cizindikiro ca khate, limene limacira ndi mankhwala aulere a miyezi 6 kapena 12. Cilonda cimene cakhala zaka ciyenera kuonedwa ndi dotolo, popeza zilonda zina zotere zimasanduka khansa.

Cipsera ceni-ceni cimayamba cotupa ndi cakuda, ndipo cimaphwa pang'ono-pang'ono m'kati mwa caka. Kwa anthu ena, makamaka a khungu lakuda, cipsera cimakula ndi kupitirira malire a bala, kawiri-kawiri pa khutu, pa cifuwa ndi pa phewa. Cipsera cotere sicopatsirana, koma cikadulidwa pa mudzi cimabwerera cacikulu kuposa kale.

NKHANGA ZINAPANGANA KUSANAPSE

Nyumba iliyonse ingathe kusunga m'citini cotseka bwino sopo mmodzi, mcere pang'ono, botolo laling'ono la Vaseline losatapamo ndi zala, ndi nsalu zitatu kapena zinai zophitsa ndi zosita. Citini cimeneci cidziwike kwa onse a m'banja, ngakhale ana okulirapo, ndipo cipite nao kumunda wakutali pa masiku a nchito yaikulu. Makadi a ku sikelo asungidwe pa malo ouma, cifukwa ndiwo amauza namwino katemera amene munthu analandira.

Mipini ya makasu ndi nkhwangwa ikhomeredwe nchito isanayambe, zikwanje ndi mazenga ziikidwe pa malo amene ana safikapo, ndipo mabotolo osweka, misomali ndi zidutswa za malata zikwiriridwe m'dzenje. Wolowa m'khola kapena wosweula mphanje abvale nsapato, ngakhale za matayala. Anyakwawa, makalabu a amai ndi makomiti a za umoyo angathandize kwambiri mwa kukambirana zimenezi pa misonkhano yao, ndiponso mwa kupangana pasadakhale za mwini njinga kapena ngolo amene adzanyamula wobvulala usiku, kuti maola 6 aja asathere pa kugogoda m'makomo a anthu.